Asilikali ndi Zinthu Zosadziŵika Zouluka Mlengalenga

Kwathu ku Ntcheu, kuŵala kwachilendo kukadutsa usiku, ena amati ndi nyenyezi yothothoka pomwe ena amanong'ona kuti ndi ndege ya mfiti. Msilikali sangakhutire ndi mayankho otere. Udindo wake ndi kulonda dziko, pansi ndi mlengalenga momwe, choncho ayenera kudziŵa ngati choulukacho ndi cha mdani kapena ayi. Ichi ndicho chifukwa chake asilikali a m'maiko ambiri akhala akufufuza zinthu zotere.

Kafukufuku wotchuka ndi wa asilikali a ndege a ku Amereka, wotchedwa Project Blue Book, amene anayamba mu 1952. Nthaŵi imeneyo dzikolo linkaopa ndege zaukazitape zochokera ku Soviet Union. Pomwe ntchitoyi inkatsekedwa mu 1969, anali ndi malipoti 12,618 osonkhanitsidwa kuyambira 1947. Ochuluka mwa iwo anapezeka kuti anali onena za nyenyezi, mitambo, ndege wamba ndiponso zibaluni zopimira nyengo. Malipoti 701 okha ndiwo anatsala opanda yankho. Komabe ofufuzawo sanapeze umboni woti zinthuzo zinachokera kwa zolengedwa za kunja kwa dziko lapansi.

Kuno kumwera kwa Afrika nakonso zoterezi zinachitikapo. Pa 22 Julayi 1985, anthu a ku Bulawayo m'dziko la Zimbabwe anaona chinthu chonyezimira mlengalenga. Ndege ziŵiri zankhondo za mtundu wa Hawk zinanyamuka pa bwalo la Thornhill ku Gweru kukachilondola, koma chinakwera m'mwamba kwambiri, ndipo ndegezo zinabwerera osachizindikira. Asilikaliwo anavomera kuti anaona chinthu chimene sanachidziŵe.

Kodi kufufuza kotereku nkofunika bwanji? Yankho lili pafupi nafe. Boma la Ntcheu lachita malire ndi dera la Angonia ku Mozambique, kumene kunali nkhondo yapachiŵeniŵeni mpaka 1992, ndipo othaŵa nkhondo ambiri anadzakhala pakati pathu. Pa 6 Novembala 1987, ndege yaing'ono ya Air Malawi ya mtundu wa Skyvan, yochokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe, inawomberedwa pafupi ndi tauni ya Ulongwe m'dera lomwelo. Anthu onse 10 amene anali m'ndegemo anafa. Sinali ndege yankhondo, koma amene anali pansi ndi mfuti sanadikire kuti aizindikire bwino.

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kuti kuona ndi kudziŵa ndi zinthu ziŵiri zosiyana. Chinthu chikatchedwa chosadziŵika, tanthauzo lake ndi lakuti umboni sunakwanire basi. Wothamangira kunena kuti ndi alendo a ku nyenyezi amasokeretsa anzake, pomwe wothamangira kunena kuti ndi mdani angathe kukhetsa mwazi wa anthu osalakwa. Akuluakulu sananame ponena kuti kuona maso a nkhono nkudekha.