Dokotala adalowa nkhaniyi ngati mboni ya khothi

Anzanga ambiri pa WhatsApp akukangana za mankhwala ochedwetsa kutha msinkhu, amene kunja amapatsidwa kwa achinyamata a transgender, ndiye kuti amene amadzimva kuti ndi akazi koma adabadwa amuna, kapena amuna koma adabadwa akazi. Mkanganowu ndi weniweni. Njirayi idayambira ku Netherlands m'zaka za m'ma 1990. Mu 2024, lipoti la Hilary Cass ku England lidati umboni wa ubwino wake ndi wofooka, ndipo zipatala za boma kumeneko zidasiya kupereka mankhwalawa kwa ana mwachizolowezi. Mabungwe ena a madokotala, makamaka ku America, amaikirabe kumbuyo chithandizochi.

Koma mbiri yathu idayenda njira ina. Ndime 153 ndi 156 za malamulo a milandu, zoletsa mathanyula, tidazilandira kwa Angelezi Nyasaland ili m'manja mwawo. Mu December 2009, Tiwonge Chimbalanga, amene ankadzitcha mkazi, adachita chinkhoswe ndi Steven Monjeza ku Chirimba mumzinda wa Blantyre. Apolisi adawanjata. Tiwonge adapita naye kuchipatala kuti akamuyeze ngati ndi mwamuna kapena mkazi, kuti khothi lipeze umboni. Pa 20 May 2010 adawagamula zaka 14, ndipo pa 29 May Bingu wa Mutharika adawakhululukira atakumana ndi Ban Ki-moon. Tiwonge adathawira ku South Africa.

Zidabwerezekanso. Mu 2021 khothi la ku Mangochi lidagamula Jana Gonani zaka 8, ndipo pa 28 June 2024 khothi loona za malamulo oyendetsera dziko lidakana pempho lake lothetsa ndimezo. Lamulo la ukwati la 2015 nalo limati umuna kapena ukazi ndi wachibadwa basi. Pakati pa zakazi, mu 2019, bungwe la WHO lidachotsa nkhaniyi pamndandanda wa matenda a maganizo.

Ine kwathu ndi ku Mkanda, ku Mchinji, boma lochita malire ndi mayiko awiri. Zambia idasunga lamulo la Angelezi ngati ife. Mozambique idachotsa la Apwitikizi mu 2015. Achewa ake ndi omwewo, a Kalonga Gawa Undi, koma malamulo adasiyana. Ndiye tikamati lamuloli ndi chikhalidwe chathu, tiziyamba tafunsa kuti adalilemba ndani.

Pa za mankhwala aja, ndikuona kuti kusamala n'koyenera: thupi la mwana si poyeserapo zinthu umboni usanakwane. Koma mwana wa zaka 15 ku Mkanda sakufunsa za mankhwala a ku Amsterdam. Funso lake ndi lakuti: ndikauza namwino zakukhosi, kodi mawa sizifika kupolisi kapena kwa amfumu? Mwana wotere akakhala chete, amavutika maganizo yekha, ena amasiya sukulu.

Ife ophunzira tingasiyane pa chipembedzo ndi pa lamulo. Koma tigwirizane chimodzi: wolowa m'chipinda cha dokotala alandiridwe ngati wodwala, chinsinsi chake chisungidwe.