Kachotsedwe ka mabanga pa miyala ya m'nyumba

Miyala yachilengedwe monga granite, marble ndi mwala wa laimu, yomwe imayalidwa pansi m'nyumba, pamatebulo a kukhitchini, m'bafa komanso paziliza, ili ndi timibowo tosaoneka ndi maso tomwe timamwa mafuta, tiyi ndi dzimbiri. Banga likalowa m'timibowoti silichoka ndi kukwecha, ndipo mankhwala olakwika amaononga mwala womwe mwini wake anagula ndi ndalama zambiri.

Kaamba ka ichi, munthu asanayambe kuchotsa banga ayenera kudziwa mtundu wa mwala wake.

Marble ndi mwala wa laimu zinapangidwa ndi calcium carbonate, yemwe amasungunuka akakhudzana ndi asidi. Viniga, madzi a mandimu ndi mankhwala ambiri otsukira m'chimbudzi zimadya miyala imeneyi m'kanthawi kochepa. Granite amapirira asidi wofooka, koma naye amaonongeka ndi mankhwala ena ochotsera dzimbiri omwe ali ndi hydrofluoric acid.

Pa sikelo ya Mohs, yoyezera kulimba kwa miyala kuyambira 1 mpaka 10, marble ali pa 3 pomwe quartz, yemwe ndiye wambiri mumchenga, ali pa 7. N'chifukwa chake mchenga ndi waya wokwechera mapoto zimakanda marble.

Pali kusiyana pakati pa banga ndi kudyeka kwa mwala. Banga limaoneka loderapo kuposa mwalawo, pomwe podyeka ndi asidi pamaoneka potuwa ndi posanyezimira. Podyekapo sipatsukika, koma pamafunika mmisiri wa miyala kuti apasalaze ndi kupawalitsanso.

Njira yodalirika yochotsera banga lomwe lalowerera ndi yomata phala. Ufa woyamwa, monga soda wophikira kapena choko choyera chopera, amausakaniza ndi madzi kapena mankhwala oyenera mpaka ukhale phala lolimba. Phalali amalimata pabanga mochindikala mamilimita 6 mpaka 12, kulivindikira ndi pepala la pulasitiki ndi kumata tepi m'mbali.

Pakatha maola 24 pepalalo limachotsedwa kuti phala liume, pakuti ndi pouma pomwe limakoka banga kuchoka mumwala. Likauma amalipala ndi kathabwa kapena pulasitiki, kenaka kutsukapo ndi madzi oyera. Banga lakale lingafune kubwereza ntchitoyi kangapo.

Njira yofanana ndi imeneyi ndi yomwe bungwe la Archaeological Survey of India limagwiritsa ntchito poyeretsa marble wa nyumba yotchuka ya Taj Mahal mumzinda wa Agra, komwe amamata dongo lotchedwa multani mitti ndi kulisiya kuti liume.

Chosakaniza ndi ufa chimatengera chomwe chinabweretsa banga. Pa mafuta ophikira kapena odzola, phala la soda ndi madzi kapena acetone limathandiza. Pa tiyi, khofi, zipatso ndi masamba a mitengo, omwe amasiya banga lofiirira, pamafunika hydrogen peroxide, koma pa miyala yoyera yokha chifukwa amatha kusuluka mwala wakuda. Inki pamwala wakuda imachoka ndi acetone.

Dzimbiri, lomwe limachokera ku misomali, zitini, miyendo ya mipando yachitsulo ngakhalenso madzi a pamjigo okhala ndi ayironi wambiri, ndilo lovuta kwambiri. Limafuna mankhwala opangidwira miyala, ndipo nthawi zina silitheratu.

Mankhwala aliwonse ayambe ayesedwa pamalo obisika, mazenera ali otsegula. Jik asasakanizidwe ndi viniga kapena amoniya chifukwa pamatuluka mpweya wapoizoni, ndipo acetone asayandikire mbaula, kandulo kapena ndudu pakuti sachedwa kuyaka.

Pofuna kupewa mabanga, chilichonse chotayikira pamwala chiyamwidwe msanga ndi kansalu mosachita kupukuta mofalitsa. Pa tsiku ndi tsiku madzi ofunda ndi sopo pang'ono wotsukira mbale n'zokwanira.

Pofuna kudziwa ngati mwala ukufunika mankhwala otseka timibowo, omwe m'masitolo amawatchula kuti sealer, munthu adonthezepo madzi ndi kudikira mphindi zingapo. Pamalopo pakada, ndiye kuti mwalawo ukumwa madzi ndipo nthawi yopakanso mankhwalawo yakwana.