Mzera wa pamsana pa galu

Adzukulu anga, masiku ano anthu m'matauni akukanganirana agalu a mitundu yakunja, monga German Shepherd ndi Rottweiler, namanyoza galu wachikuda. Tatcherani khutu.

Azungu a ku Holland atakhazikika ku Cape mu 1652, anapeza Akhoikhoi akuweta agalu okhala ndi mzera wa ubweya pamsana, woloza kumutu. Agaluwo anaberekana ndi a Azunguwo, koma mzera uja sunathe. M'zaka za m'ma 1870, mbusa Charles Helm anatengera agalu awiri ochokera kumwerako ku Hope Fountain, pafupi ndi Bulawayo, ndipo mlenje Cornelius van Rooyen anawaphatikiza ndi agalu ake osakira mikango. Ntchito yawo sinali kupha mkango ayi, koma kuutsekereza kufikira mlenje atafika. Mu 1922, ku Bulawayo komweko, Francis Barnes analemba maonekedwe oyenera a mtunduwu, umene umatchedwa Rhodesian Ridgeback.

Lero galuyu amagulidwa ndi ndalama zambiri kutsidya kwa nyanja, chonsecho chizindikiro chimene amanyadiracho n'cha galu wa kumudzi. Galu wamkota sakandira pachabe: wanuyo m'patseni chakudya ndi katemera wa chiwewe, musamugende miyala.