Mwendo Upume, Chifuwa Chisagone

M'chinenero chathu mawu akuti kupuma amasenza mitolo iwiri. Munthu amapuma akamakoka mpweya ndi kuutulutsa, ndipo amapumanso akatula katundu n'kukhala pansi pamthunzi. Sindinkaziganizira zimenezi mpaka m'mawa wina wa mwezi wa June, ndikuthamanga mumsewu wa Alick Nkhata kuchokera kwathu ku Mtendere kulowera ku Kalingalinga, pamene msongolo wakumanzere unandilasa pamalo amodzi ngati wina wakhomapo msomali. Mayi wa fiziyo amene anandipima anadina pamalopo ndi chala, ine n'kudzuma. "Bambo, mwendo uwu upume milungu 6," anatero. "Koma chifuwa chisagone. Njinga muli nayo?" Kupuma kumodzi anandilamula, kupuma kwinako anandiuza kuti ndikulimbikire.

Zambia amadziwa Samuel Matete, amene anakhala katswiri wa dziko lonse ku Tokyo mu 1991, ndi Muzala Samukonga, amene anabwera ndi mendulo ya bronze kuchokera ku Paris mu 2024. Onsewo ndi a mamita 400, ndipo akatswiri otere amakhala ndi aphunzitsi ndi madokotala. Ife othamanga mitunda italiitali a m'komboni ndife ena. Timadzuka kusanache, timavala nsapato za pasalaula, timathamanga tisanapite kuntchito, maso ali pa mpikisano wa makilomita 21 kapena 42 umene umabwera kamodzi pachaka. Tikavulala, chotithandiza choyamba ndi mawu amene tili nawo ofotokozera ululuwo, ndipo mawu akachepa timadzipweteka kawiri.

Muno mu Lusaka timangoti "mwendo ubaba", basi nkhani yatha. Komatu kubaba kuli mitundumitundu, ndipo makolo athu anakusiyanitsa. Pali kuphwanya kwa thupi, kumene kumabwera tsiku limodzi kapena awiri mutathamanga kwambiri, kumagwira miyendo yonse iwiri, n'kumachepa thupi likatenthedwa. Kumeneko n'kwa aliyense. Pali kubinya, phazi likapindika pamwala kapena m'dzenje, kakolo n'kutupa pomwepo. Pali kukokana kwa mnofu, kumene kumagwira katumba mwadzidzidzi n'kusiya. Ndiye pali ululu wolasa pafupa, pamalo oti chala chimodzi chikhoza kuphimba, umene umakula mukamapitiriza kuthamanga, nthawi zina n'kukudzutsani usiku. Umenewo kawirikawiri ndi mng'alu: fupa silinathyoke, koma lang'aluka pang'onopang'ono chifukwa chogundidwa kambirimbiri lisanapeze nthawi yodzikonza. M'milungu iwiri kapena itatu yoyamba mng'alu wotere nthawi zambiri suoneka n'komwe pa X-ray. Munthu amene amatcha zonsezi "kubaba" amathamanga pa mng'alu poganiza kuti ndi kuphwanya chabe.

Mawu amene amandivutitsa kwambiri ndi akuti mtsempha. Njira ya magazi timati mtsempha. Kachingwe kotumiza mauthenga kuchokera kuubongo, kamene kamachititsa dzanzi kakapanikizika, timatinso mtsempha. Chingwe cholimba cholumikiza mnofu ku fupa, monga chija cha kuseri kwa chidendene chimene azachipatala amachitcha Achilles, nachonso mtsempha. Mnzanu akati "ndi mtsempha", simungadziwe chomulangiza, chifukwa zitatuzi sizichira mofanana. Chingwe cha chidendene chimalandira magazi ochepa, choncho chimachedwa kupola, ndipo kungochigoneka sikuchilimbitsa. Mu 1998 dokotala wa ku Sweden, Håkan Alfredson, anasonyeza kuti anthu ovutika ndi chingwechi kwa nthawi yaitali amathandizika akamaima ndi zala pasitepe n'kumatsitsa chidendene pang'onopang'ono, tsiku lililonse kwa milungu 12. Kwa fupa long'aluka, kupuma ndiko kulichotsera kugunda. Kwa chingwe, kupuma ndiko kuchipatsa katundu woyezedwa. Ine ndimakonda kuti tizinena mosabisa: mtsempha wa magazi, mtsempha wa mauthenga, chingwe cha mnofu.

Kugunda ndiye mawu amene amafotokoza chifukwa chake wovulala amapatsidwa njinga. Pothamanga, nthawi iliyonse phazi likatera pansi, mwendo umalandira mphamvu yokwana kulemera kwa thupi kuwirikiza kawiri kapena katatu. Munthu wa makilogalamu 60 amatera ngati wa 120 mpaka 180, ndipo pa ola limodzi amatera pafupifupi ka 10,000. Panjinga, chishalo ndicho chimanyamula thupi, phazi silichoka pa pedulo, ndipo kugunda kuja kulibe. Koma mtima ndi mapapo sizifunsa kuti ntchafu zikugwira ntchito yanji. Zikangomva kuti minofu ikufuna mpweya, zimatumiza.

Mukangokhala osachita kanthu, chimene timachitcha stamina chimayamba kutsika msanga kuposa mmene ambiri amaganizira. Asayansi amachiyeza ndi VO2 max, kutanthauza mpweya wochuluka kwambiri umene thupi lingathe kugwiritsa ntchito pa mphindi imodzi. Edward Coyle ndi anzake ku America anapeza mu 1984 kuti akatswiri atasiyiratu masewera awo, muyezo umenewu unatsika ndi 7 peresenti m'milungu itatu yoyamba. Choyamba kuchepa ndi madzi a m'magazi, ndiye mtima umapopa zochepa pa kugunda kulikonse. Njinga imatchinga kutsika kumeneku.

Tsono njingayo amaiyendetsa bwanji? Tili ndi mawu awiri, kupalasa ndi kutchova, ndipo ambiri amawatenga ngati amodzi. Ku Malawi mumamva kwambiri kupalasa, muno mu Lusaka kutchova. Ine khutu langa limamva kusiyana. Amapalasa ndi msodzi m'bwato, amapalasanso ndi nkhuku pofuna chakudya: kogwira mopepuka, kobwerezabwereza, kosaleka. Kutchova kuli ndi kukankha mkati mwake. Taonani anthu a malasha amene amalowa mumzinda m'mamawa kudzera mumsewu wa Mumbwa kapena wa Great East, matumba atasanjikizana pa kaliyala mpaka kupitirira mutu. Amaimirira pa mapedulo, n'kumatsamira uku ndi uku, thupi lonse likupondereza phazi limodzi. Kumeneko ndiko kutchova, ndipo anthu amenewa ndimawalemekeza chifukwa ali ndi kupirira kumene ife ovala mawotchi sitinakufikepo. Koma wovulala msongolo akawatsanzira, wabwezera katundu pamalo omwe amafuna kuwapeputsa. Iye afunika kupalasa: kukhala pachishalo, giya yopepuka, miyendo izizungulira ka 80 mpaka 90 pa mphindi. Kuwerenga kwake n'kosavuta. Yang'anani bondo lamanja, muwerenge kuti lakwera kangati pa masekondi 15. Likakwera ka 20 mpaka 23, muli bwino.

Apa m'pamene mtundu wa njinga umalowerera. Akuluakulu amakumbukira Eagle, imene inkapangidwa ndi Luangwa Industries ku Chipata. Masiku ano m'midzi ndi m'makomboni mwadzaza Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005. Kaliyala yake anaipangira makilogalamu 100, ndipo njingayo payokha imaposa makilogalamu 20. Njinga zoterezi n'zolimba, koma zambiri zili ndi giya imodzi, ndiye pachitunda zimakukakamizani kuimirira. Ngati ndiyo muli nayo, sankhani njira yafulati, ndipo Lusaka watikomera pamenepa chifukwa mbali yaikulu ya mzindawu ndi chidikha chokwera mamita pafupifupi 1,280. Ine ndinabwereka ya magiya kwa mlamu wanga, yogulidwa kale yogwiritsidwapo ntchito, tcheni chake chitachita dzimbiri.

Ndinapita nayo kwa mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo ku Kalingalinga, amene amamanga masipoko ndi kumata machubu kuyambira ine ndili mwana. Atathira oilo pa tcheni ndi kumanga mabuleki, anandiuza kuti ndikwere aone.

"Mwana wanga, chishalo ichi ndi cha munthu wopita kumsika," anatero. "Inu mukufuna ulendo. Ikani chidendene pa pedulo. Tsitsani pansi. Mwendo uwongoke."

"Nanga ndikafuna kuima, amdala, phazi lifika pansi?"

"Mukafuna kuima mutsike pachishalo. Mukafuna mawondo anu, kwezani."

Zimene ananenazo n'zimene akatswiri a njinga amaphunzitsa. Chidendene chikakhala pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uyenera kuwongoka, kuti mukabwezera phazi pamalo ake bondo lipinde pang'ono chabe. Chishalo chikatsika kwambiri, kutsogolo kwa bondo kumayamba kuwawa. Chikakwera kwambiri, chiuno chimagwedera uku ndi uku, ndipo kuseri kwa bondo ndi chingwe cha chidendene zimakokeka. Amene vuto lake ndi chingwecho amapepukidwa akasunthira phazi kutsogolo pang'ono kuti pedulo ikhale chapakati pa phazi. Ndinenenso kuti njinga si mankhwala a kuvulala kulikonse. Ululu wa kunja kwa bondo nthawi zina umakula nayo, ndipo pali ming'alu ina, monga ya fupa la m'chiuno, imene dokotala amaletsa ngakhale kupalasa. Lamulo limene mayi wa fiziyo uja anandipatsa linali lakuti pamalo ovulalawo pasamve kanthu pokwera, ndiponso m'mawa mwake.

Wothamanga amawerenga moyo wake m'makilomita, ndipo akakwera njinga makilomita amam'namiza. Makilomita 10 a miyendo ndi ntchito ya ola lathunthu kwa ambiri a ife, pamene panjinga mumawamaliza thukuta lisanatuluke bwino, makamaka ngati pali mtsetse pomwe njinga imadziyendera. Choyenera kuwerenga ndi nthawi ndi befu. Wasayansi wa ku Sweden, Gunnar Borg, anapanga muyezo wa manambala kuyambira 6 mpaka 20 woti munthu azinena yekha mmene ntchito ikum'lemerera. Ife tili nawo kale m'kamwa. Pali liwiro locheza, loti mukhoza kufotokozera mnzanu nkhani yonse ya mpira wadzulo. Pali liwiro la mawu ochepa, loti mumayankha "inde" ndi "tiyeni" basi. Pali la wefuwefu, pomaliza kubanika. Masiku ambiri ayenera kukhala a liwiro locheza, kwa ola limodzi kapena kuposa, ndipo a wefuwefu asapitirire awiri pamlungu.

Amene alibe wotchi yowerenga kugunda kwa mtima aike zala ziwiri pakhosi, awerenge kwa masekondi 15, achulukitse ndi 4. Anthu amakonda kuchotsa zaka zawo pa 220 kuti apeze malire a mtima wawo. Imeneyo ndi nambala yongoyerekeza, ndipo imaphonya anthu ambiri. Chodziwika bwino n'chakuti panjinga mtima wa wothamanga umagunda mocheperapo, mwina ndi 5 mpaka 10 pa mphindi, ngakhale ntchito ikumveka yolemera chimodzimodzi. Amene sadziwa zimenezi amathamangitsa nambala yake ya kale, n'kumalemetsa giya mpaka ntchafu zitapsa.

Tsiku la wefuwefu ndinkachita fartlek, mawu a Chiswidishi otanthauza kusewera ndi liwiro, njira imene mphunzitsi Gösta Holmér anayambitsa m'zaka za m'ma 1930. Sifuna bwalo. Mumasankha mapolo a magetsi, kupalasa mwamphamvu mapolo angapo, kupepuka angapo, kubwerezanso. Koma m'kati mwa komboni zimenezi sizitheka. Ana amadutsa, minibasi zimaima paliponse, mahampu ndi maenje sizikulolani kugwira liwiro limodzi, ndipo anzathu a ku Kanyama dzinja likafika amalimbana ndi madzi odzaza m'njira. Ine ndinkatuluka Lamlungu mbandakucha kulowera msewu wa Leopards Hill, kumene okwera njinga ambiri amapita, kapena Great East kuloza ku Chongwe magalimoto asanachuluke. Chipewa choteteza mutu ndi chovala chowala ndinazitenga ngati mbali ya njingayo. Wa ku Matero kapena George, wa ku Chawama, aliyense ali ndi msewu wake wotulukira mumzinda, ndipo nthawi yabwino ndi yomweyo.

Ngozi yeniyeni imabwera kumapeto, ndipo ili m'mawu atatu amene timawasakaniza: kupola, kuchira ndi kulimba. Ululu ukatha timati papola. Dokotala akalola timati tachira. Koma kulimba n'kwina. Mu 1892 dokotala wa ku Germany, Julius Wolff, analemba kuti fupa limadzimanga molingana ndi katundu amene limasenza. Kugunda komwe kunang'alula msongolo ndiko komwenso kumaulimbitsa kukabwera mwa muyezo, ndipo njinga, poti ilibe kugunda, siilimbitsa fupa pa ntchito yothamanga. Ndiye patatha milungu 6 mumapezeka ndi chifuwa chokonzeka makilomita 20 ndi fupa lokonzeka mphindi zochepa. Befu silikuchenjezani, chifukwa palibe. Ndaona anzanga olimbikira kwambiri akubwerera kwa fiziyo mwezi usanathe pa chifukwa chimenechi, ndipo zimandiwawa, chifukwa milungu yonse ija anaisunga bwino. Fupa limafunanso chakudya chokwanira. Wothamanga amene amadya mopereŵera poti sakuthamanga amachedwetsa kumanga kwake, ndipo kapenta wodyera limodzi ndi minga yake, nyemba, mazira ndi masamba n'zimene zili pafupi nafe.

Mayi wa fiziyo uja anandipatsa mayeso awiri ndisanavale nsapato zothamangira: kuyenda mwandawala mphindi 30 osamva kanthu, ndi kudumphadumpha ndi mwendo wovulalawo osamva kulasa. Nditapambana, anandilola kuthamanga mphindi imodzi, kuyenda mphindi 4, kubwereza kasanu, pa dothi osati pa tala, kenako tsiku lotsatira osathamanga. Ndinakachitira pabwalo la mpira la fumbi kwathu ku Mtendere, mu August mphepo ikuwomba, njinga nditaitsamiritsa pa golo. Mphindi zisanu zothamangazo zitakwana, mpweya unali usanasinthe n'komwe, ndipo miyendo inkapempha kuzungulira kwina. Ndinadina pamsongolo ndi chala monga mayi uja anachitira, ndinapeza pali zii. Ndinavula nsapato zija, n'kuzimanga pa kaliyala, n'kupalasa kulowera ku Kabulonga kukamaliza ola limene linatsala.