Chikhulupiriro ndi ana a autism: kumene tachokera kuno kunyanja

Kale kuno ku Nkhotakota, mwana akafika zaka zinayi osatchula "amayi", osayang'ana munthu m'maso, n'kumangokupiza timanja kapena kuyang'anitsitsa mafunde tsiku lonse, akuluakulu sankafunsa kuti akudwala chiyani. Ankafunsa kuti wachita ndani. Yankho ankakalifuna kwa sing'anga: kaya mizimu yakwiya, kaya wina wamulodza. Mawu opweteka koposa anali a m'makutu, akuti bambo wake wakhwimira mwanayo kuti makoka azidzaza chambo ndi usipa. Bodza limeneli lapasula mabanja ndipo likadalipo, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti.

Chisilamu chidazika mizu kuno ndi Jumbe Salim bin Abdallah cha m'ma 1840, ndipo a Anglican a UMCA adatsegula mishoni mu 1894. Onsewa adaphunzitsa kuti mwana aliyense ndi mphatso ya Mulungu, ndipo amayi ambiri adapepukidwa mtima. Koma funso lakale lija silidafe. Ena adayamba kunena za majini, ena za ziwanda, ndipo m'mipingo yatsopano ya masiku ano mwana amagwiridwa pansi usiku wonse, anthu akufuula kuti chiwanda chituluke. Kwa mwana amene phokoso limamubaya m'makutu ngati singano, kumeneko ndi kumuzunza, ngakhale opempherawo akhale ndi mtima wabwino chotani.

Dzina la vutoli, autism, lidachokera kutali. Leo Kanner wa ku Baltimore adafotokoza ana 11 mu 1943, Hans Asperger wa ku Vienna adalemba za ena mu 1944, ndipo mu 1978 Victor Lotter adaonetsa kuti ana otere aliponso mu Africa. Kwathu kuno chipatala cha Zomba chinali cha odwala misala. Mwa amene adabweretsa thandizo lolunjika kwa ana ochedwa kukula muli a St John of God, amene adafika ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990. Mu 2007 bungwe la United Nations lidasankha 2 Epulo kukhala tsiku lokumbukira autism, ndipo mu 2012 Malawi idakhazikitsa lamulo loteteza anthu olumala. Komabe kwa mayi wa ku Chia, Mzuzu ndi kutali. Shehe ndi abusa ndiwo ali pafupi.

M'zaka zonsezi anthu ankakamba za mwanayo, osamufunsa iye mwini zimene amakhulupirira. Funsolo ndi la posachedwa. Mu 1995 Temple Grandin, amene ali ndi autism, adalemba kuti Mulungu amamumvetsa kudzera m'dongosolo la chilengedwe. Mu 2012 Ara Norenzayan ndi anzake adapeza kuti mwa omwe adawafunsa ku Canada ndi ku America, a autism sankakhulupirira kwenikweni za Mulungu amene amaganiza ndi kumva monga munthu. Kafukufukuyo ndimamulemekeza, koma adafunsa okhawo otha kuyankha mafunso. Nanga amene salankhula? Ku yunivesite ya Aberdeen, Grant Macaskill ndi ena adafunsa mwa njira ina: kodi mpingo umapembedza mowalola anthu otere kulowamo?

Yang'anani mwana wotere pa Misa. Amadziwa pogwada ndi poimirira, ndipo wansembe akadumpha pemphero limodzi amavutika. Kumadrasa wina amaloweza sura mwachangu pomwe moni sayankha. Zimene zili mumtima mwawo sitiyenera kuwayankhira, koma zikuoneka poyera kuti mapemphero obwerezabwereza amawakhazika mtima pansi, pomwe chimkuzamawu chimawathamangitsa. Akatseka makutu n'kuyamba kudzigwedeza, wosungitsa bata amathamangira kuuza mayi kuti atuluke naye, ndipo Lamulungu lotsatira mayiyo sabweranso. Kuchepetsa phokoso, kumupatsa mwanayo malo pafupi ndi khomo ndi kumulola ayendeyende sikufuna ndalama ya boma. Akulu a mpingo ndi a mzikiti angathe kugwirizana zimenezi pa msonkhano umodzi.