Neurotheology

Neurotheology ndi nthambi ya sayansi yofufuza zimene zimachitika mu ubongo munthu akamapemphera, akamasinkhasinkha mozama kapena akamamva kuti wakumana ndi Mulungu. Dzinali limapezeka kale m'buku la Aldous Huxley lotchedwa Island, la mu 1962, koma kafukufuku wake anakula makina ojambulira ubongo atafala.

Ku University of Pennsylvania, Andrew Newberg ndi Eugene d'Aquili anajambula ubongo wa Abuda a chipembedzo cha ku Tibet ndi wa asisitere a gulu la Franciscan. Pemphero likafika pachimake, wopempherayo ankakoka kachingwe, ndipo ofufuza ankamubaya mankhwala osonyeza kumene magazi akuyenda kwambiri. Mbali ya kutsogolo kwa ubongo, yothandiza munthu kuika maganizo pa chinthu chimodzi, inkagwira ntchito kwambiri. Mbali ya parietal lobe, yomwe imauza munthu pamene thupi lake lathera, inkachita zii. N'kutheka kuti n'chifukwa chake opemphera ena amamva ngati asungunukira m'chilengedwe chonse.

Mu 2006, Newberg anapeza zosiyana mwa amayi olankhula malilime: mbali ya kutsogolo ija inkachepetsa ntchito. Chaka chomwecho, Mario Beauregard wa ku Montreal anapeza kuti mwa asisitere a gulu la Carmelite munkagwira ntchito zigawo zambiri za ubongo, osati kamalo kamodzi kokha.

Nkhani ina yogwirizana ndi imeneyi ndi ya khunyu yoyambira mu mbali ya ubongo yotchedwa temporal lobe, yomwe odwala ena amaona nayo masomphenya. Komabe, makina ojambulira ubongo amangoonetsa ntchito ya ubongo, satsimikizira kapena kutsutsa zoti kuli Mulungu.