MLANDU SUOLA

Makolo athu anati, Mlandu suola. Mau awa anatsimikizika m'dziko la America, m'mudzi waukuru wa Birmingham, cigawo ca Alabama. Kumeneko azungu ena a gulu la Ku Klux Klan anada anthu akuda cifukwa ca kupempha kwao kuti malamulo a tsankho acotsedwe.

Tsiku Lamulungu, pa 15 September, 1963, bomba linaphulika pansi pa makwerero a nyumba ya Mulungu ya 16th Street Baptist. Asungwana anai amene analikukonzekera mapemphero anafa pomwepo: Addie Mae Collins, Cynthia Wesley ndi Carole Robertson, a zaka 14, ndi Denise McNair, wa zaka 11.

Pofika caka ca 1965 apolisi a Boma lalikuru, ochedwa FBI, anali atadziwa maina a amuna anai owaganizira. Koma mboni zinaopa, ndipo mkuru wa apolisiwo, J. Edgar Hoover, sanalole kuti mlandu upite kubwalo. M'caka ca 1968 anauleka, ndipo ambanda anayenda mwaufulu pamaso pa makolo a anawo.

M'caka ca 1971 Bill Baxley, mkuru wa milandu wa Alabama, anaufukulanso. Robert Chambliss anatsutsidwa m'caka ca 1977, pakuti mwana wa mlamu wace, Elizabeth Cobbs, analimbika mtima nanena zimene anamumva alikulankhula masiku aja. Herman Cash anamwalira m'caka ca 1994 wosazengedwa. Otsalawo anakalamba nayesa kuti apulumuka. Koma Thomas Blanton anatsutsidwa m'caka ca 2001 ndi mau ace omwe, amene apolisi anawatola mobisika m'nyumba mwace kalelo. Bobby Frank Cherry anatsutsidwa m'caka ca 2002, amene anali mkazi wace kale ndi mdzukulu wace atacitira umboni kuti anadzitama nayo nchito yoipayo. Atatu onsewo anamwalira akali akaidi.

Taonani, abale, cimene cinacedwetsa ciweruzo zaka zoposa 38 si kusowa kwa odziwa ai, koma mantha a mboni ndi mphwayi za akuru. Ndipo cimene cinacifikitsa ndico pakamwa pa a m'banja lomwelo. Tsono inu amene mudziwa kumene mwazi wosacimwa unakhetsedwa, musati, Zinapita kale. Pamene mukhala cete, amai ace a wophedwayo alikudikirabe.